Nthambi ya SADC Yoona za Ndale ndi Chitetezo

Nthambi imeneyi ndiyo imayang'anira bata ndi mtendere m'maiko 16 a m'bungwe la SADC. Idakhazikitsidwa ku Gaborone m'chaka cha 1996, ndipo poyamba ankaitsogolera Robert Mugabe yekha. Maiko atasemphana maganizo pa nkhondo ya ku Congo ya 1998, adasainirana pangano ku Blantyre mu 2001 lakuti mpandowo uzisinthidwa chaka ndi chaka.

Njira yake yoyamba ndi kukambirana: imatumiza amkhalapakati ndi oyang'anira zisankho. Asilikali amapita pokhapokha zikafika povuta, monga ku Cabo Delgado kuyambira 2021 mpaka 2024. Kum'mawa kwa Congo, kumene Malawi, Tanzania ndi South Africa adatumiza asilikali kuyambira mu Disembala 2023, sizidayende bwino. Zigawenga za M23 zidalanda mzinda wa Goma mu Januwale 2025, asilikali ena adaphedwa, kuphatikizapo Amalawi, ndipo atsogoleri adathetsa ntchitoyo mu Malichi.