Njinga Yonyamula Katundu

Njinga siinayambire kwathu kuno. Njinga ya tcheni ndi mawilo awiri ofanana inapangidwa ku Coventry, m'dziko la England, m'caka ca 1885. Matayala opopa anabwera mu 1888. Amene anaipanga ankaganiza za munthu mmodzi pa msewu wosalala. Za thumba la mbatata sanaganizeko.

Kwathu ku Tsangano ndi ku Macanga, kale njinga inkabwera ndi amuna ocokera ku nchito, ku mafamu a ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni. Inali cinthu ca ulemu. Mwini wake ankaipukuta, n'kuikwera Lamulungu. Katundu anali pamutu pa amayi.

Nkhondo itakula m'zaka za m'ma 1980, ambiri a ife tinathawira ku Malawi, ku Ntcheu ndi ku Dedza. Pangano la mtendere linasainidwa pa 4 Okutobala 1992. Titabwerera tinapeza misewu yokumbika, milatho yothyoka, makola opanda ng'ombe zokoka ngolo. Tinalima mbatata, cimanga ndi nyemba, koma galimoto zinali zosowa. Pamenepo njinga inakhala bulu wathu.

Kaliyala wa kusitolo ndi wofooka, sacedwa kupindika. Amisiri athu anamucotsa. Anawotcherera wina wa zitsulo zomangira nyumba, wotambalala, wa miyendo yolimba. Pamwamba pake tinamangapo thabwa kuti thumba likhale bwino. Kenaka wilo lakumbuyo linayamba kudula masipoko, cifukwa kulemera konse kuli pamenepo. Amisiri anaikamo masipoko onenepa, n'kuwakunga mofanana. Ndi cubu cakutha comwe sitinataye: tinacidula malegeni omangira katundu.

Tinavutikiranji conci? Cifukwa ca mtengo. Wogula akafika pakhomo, mtengo amachula ndiye. Koma mlimi akafikitsa yekha thumba lake ku msika wa ku Furancungo, kapena ku malire ku Biriwiri, amapeza ogula ambiri. Mmodzi akacepetsa, amapita kwa wina.

Vuto limene amisiri sanalithetse ndi mabuleki. Dziko lathu ndi la mapiri. Pa citunda timatsika n'kumakankha. Pa citsetse thumba ndilo limatikankha ife, ndipo mvula ikagwa mabuleki sagwira. N'cifukwa cace onyamula ozolowera amatsikanso pa citsetse, n'kuyenda pansi atagwira handulo ndi manja awiri.