Kukaona mzinda wa Johannesburg ndi mwana wakhanda

Johannesburg, mzinda umene anthu ambiri a ku Malawi ndi Zambia amautchula kuti Joni chiyambire masiku amene amuna ankapita kumigodi ya golide kudzera ku Wenela, umalandiranso mabanja ongobwera kudzaona malo. Ena mwa mabanjawa amafika ndi mwana wa kumsana. Ulendo wotere ndi wotheka, koma umayenda bwino makolo akavomereza msanga kuti mwini ulendo ndi khandalo. Njira, nthawi yotuluka ndiponso malo okaona zimayenera kutsata kuyamwa ndi tulo take.

Ziphaso zofunika

Nzika za Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique sizifunika viza pa ulendo waufupi wokacheza ku South Africa, koma khanda limayenera kukhala ndi pasipoti yakeyake ngakhale litakhala la mwezi umodzi.

Mu Juni 2015 boma la South Africa linakhazikitsa lamulo loti mwana aliyense wosakwana zaka 18 azionetsa pachipata chiphaso cha kubadwa chokhala ndi maina a makolo ake, pofuna kuchepetsa mchitidwe wozembetsa ana. Mabanja ambiri anabwezedwa chifukwa cha lamuloli, ndipo mu Novembala 2019 linafewetsedwa kwa ana a maiko ena amene akuyenda ndi makolo awo. Ngakhale zili choncho, ndi nzeru kunyamulabe chiphasochi, pamodzi ndi kalata ya chilolezo ya kholo limene latsala kunyumba, chifukwa ulendo wa pamsewu umadutsa maiko ena amene ali ndi malamulo awoawo.

Apaulendo ochokera ku Angola ndi Democratic Republic of Congo amafunsidwa chiphaso cha katemera wa yellow fever, kuyambira mwana wa chaka chimodzi. Ochokera ku Zambia anachotseredwa lamuloli mu 2015. Buku la kusikelo nalo lisatsale, popeza ndilo limauza dokotala wachilendo za akatemera amene mwana analandira.

Pandege kapena pabasi

Ndege yochokera ku Lilongwe kapena ku Lusaka imafika pabwalo la O.R. Tambo maola atatu asanakwane. Mwana wosakwana zaka ziwiri amaloledwa kukhala pamiyendo ya kholo ndipo amalipira kagawo kochepa ka mtengo wa tikiti. Makanda ambiri amalira ndege ikamanyamuka kapena kutera chifukwa mphamvu ya mpweya imasintha m'makutu mwawo. Kuyamwitsa pa nthawi imeneyi kumathandiza, popeza kumeza kumatsekula makutu.

Basi ndi yotsika mtengo koma yotopetsa. Yochokera ku Blantyre imadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo imatenga maola opitirira 24 isanafike ku Johannesburg. Nthawi yodikira pachipata sidziwika, ndipo ku Tete ndi ku Beitbridge kumatentha kwambiri m'chilimwe. Choncho matewera, zovala zosinthira ndi madzi akumwa a mayi woyamwitsa ziyenera kukhala m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu woikidwa pansi pa basi.

Nyengo ndi umoyo

Mzindawu uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yaikulu. Mu Juni ndi Julayi masana kumawala dzuwa koma usiku kumagwa chisanu, ndipo nyumba zambiri zimazizira m'kati. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi kumagwa mvula ya mabingu, kawirikawiri chakumadzulo, kotero m'mawa ndiyo nthawi yabwino yotuluka. Dzuwa la pamalo okwera chonchi limawotcha khungu msanga, ndipo mwana wosakwana miyezi 6 ayenera kukhala pamthunzi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 yoyambirira, ndipo paulendo njira imeneyi imatetezanso mwana ku matenda otsekula m'mimba. Kwa mwana wa mkaka wa m'chitini, bungweli limati madzi awiritsidwe ndipo asakanizidwe ndi mkakawo asanazizire kufika pansi pa madigiri 70, kenaka mkakawo uziziritsidwe mwana asanamwe. Wotsala utayidwe pakatha maola awiri. M'zaka za 2023 ndi 2024 madera ena a mzindawu ankakhala masiku angapo mipopi ili youma, choncho ndi bwino kufunsa eni malo ogona ngati ali ndi thanki ya madzi.

Ku Johannesburg malungo safala, koma apa ndi pamene pali msampha. Mwana amene analumidwa ndi udzudzu kwawo kapena m'njira angayambe kutentha thupi patatha sabata imodzi kapena kuposerapo ali kale mumzindawu. Makolo ayenera kuuza dokotala kumene achokera ndi kupempha kuti magazi ayezedwe. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi kufika madigiri 38, kapena likakana bere, likabanika popuma, ngakhalenso liwombo likalowa, lipite kuchipatala nthawi yomweyo. Nambala ya ambulansi ndi 10177, ya polisi ndi 10111, ndipo 112 imagwira pa foni ya m'manja. Zipatala zolipira zimafuna ndalama kapena inshuwalansi wodwala asanagonekedwe.

Kayendedwe ka mumzinda

Johannesburg ndi mzinda wotambalala ndipo malo okaona ali motalikirana. Sitima ya Gautrain, imene inayamba kuyenda mu 2010, imachoka pabwalo la ndege n'kufika ku Sandton m'mphindi pafupifupi 15, ndipo nthambi ina imalumikiza Park Station, Rosebank ndi Pretoria. Masiteshoni ake ali ndi zikepe.

Kuyambira mu 2015 lamulo limati mwana wosakwana zaka zitatu azimangiriridwa pampando wake wapadera akakwera galimoto. Obwereka galimoto ayenera kuitanitsiratu mpandowu. Lamuloli silikhudza mabasi ndi maminibasi onyamula anthu, koma pa maola amene anthu akupita kapena kuweruka kuntchito maminibasi amadzaza moti khanda limavutika.

Chikuku cha mwana chimayenda bwino m'malo a masitolo monga Sandton City ndi Rosebank, kumene kulinso zipinda zosinthira matewera. M'misewu ya anthu ambiri, monga yozungulira Park Station, mbereko kapena chitenje chimaposa chikuku: mwana amakhala pathupi ndipo manja amatsala osamalira chikwama. Malo ngati amenewa alendo amalangizidwa kudutsamo masana.

Malo oyenera khanda

Malo a mitengo ndi mthunzi ndiwo amakomera onse. Kosungira nyama ku Johannesburg Zoo, kumene kunatsekulidwa mu 1904, kuli njira zotakasuka, ndipo Zoo Lake ili pafupi pomwepo. Munda wa Walter Sisulu ku Roodepoort uli ndi mathithi a Witpoortjie ndi kapinga woyalapo chitenje.

Ku Soweto, msewu wa Vilakazi, umene munakhala Nelson Mandela ndi Desmond Tutu, umatheka kuuona m'mawa umodzi pamodzi ndi nyumba ya chikumbutso ya Hector Pieterson. Apartheid Museum, yotsekulidwa mu 2001, imafuna maola angapo ndi bata, choncho makolo ena amalowa mosinthana. Kumapanga a Sterkfontein, makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda, kuli masitepe ambiri ndi mipata yofuna kuwerama, kotero banja la khanda lingachite bwino kukathera ku Maropeng, kumene mbiri ya mafupa akale a kuderali imaonetsedwa m'nyumba.

Malo amodzi patsiku ndi okwanira. Tsiku loyamba ndi bwino kulisiya lopuma, makamaka kwa amene abwera pabasi, ndipo ogona pafupi ndi siteshoni ya Gautrain amabwerera msanga kuchipinda mwana akatopa kapena mvula ikayamba.