Voti Imodzi Imene Inapulumutsa Pulezidenti Johnson

Kodi mtsogoleri wa dziko akasokoneza zinthu achotsedwe pampando nthawi yake isanathe, kapena anthu apirire kufikira tsiku la chisankho? Funso limeneli linagwedeza dziko la Amereka m'chaka cha 1868, ndipo mlandu wonse unathera pa voti imodzi yokha.

Nkhondo yapachiweniweni ikutha m'chaka cha 1865, Pulezidenti Abraham Lincoln anaphedwa ndi mfuti, ndipo wachiwiri wake, Andrew Johnson, analowa m'malo mwake. Akapolo pafupifupi mamiliyoni anayi anamasulidwa, koma analibe minda, analibenso wowateteza. Aphungu a chipani cha Republican anakonza malamulo owatchinjiriza. Johnson anakana kuwavomereza, nakhululukira akuluakulu ambiri a kumwera amene anaukira boma.

Pofuna kummanga manja, m'chaka cha 1867 aphunguwo anakhazikitsa lamulo loletsa Pulezidenti kuchotsa nduna popanda chilolezo cha nyumba yachiwiri ya malamulo, yotchedwa Senate. Pa 21 Febuluwale 1868, Johnson anachotsa Edwin Stanton, Nduna ya za Nkhondo, amene anali kumbali ya aphungu. Patapita masiku atatu, aphungu 126 anavomereza kuti Pulezidenti aimbidwe mlandu. Okana anali 47. Oweruza mlanduwo anali maseneta, motsogozedwa ndi mkulu wa oweruza onse, Salmon Chase.

Ofuna kumchotsa anati munthu wothyola lamulo mwadala sayenera kukhala mlonda wa malamulo. Anakumbukiranso anthu akuda amene anaphedwa ku Memphis ndi ku New Orleans m'chaka cha 1866, nati kudikira chisankho n'kosavuta kwa iye amene nyumba yake siikupsa.

Otsutsa anati lamulo la 1867 linali msampha wotchera munthu mmodzi. Walira mvula walira matope: Pulezidenti akachotsedwa chifukwa chosamvana ndi aphungu, onse odzabwera pambuyo adzakhala antchito a gulu lochuluka m'Nyumba ya Malamulo. Chisankho chinali pafupi, mwezi wa Novembala. Ndiponso, popeza Johnson analibe wachiwiri, wolowa m'malo akanakhala Benjamin Wade, mmodzi wa maseneta oweruza mlandu womwewo.

Kuti Pulezidenti achoke panafunika maseneta 36 mwa 54. Pa 16 Meyi 1868, amene anati ndi wolakwa anali 35, amene anakana anali 19. Mwa okanawo munali asanu ndi awiri a chipani cha Republican chimene chinadzetsa mlanduwo. Mmodzi wa iwo, James Grimes wa ku Iowa, anachita kunyamulidwa polowa m'nyumbamo chifukwa cha matenda.

Johnson anatsiriza nthawi yake m'mwezi wa Malichi 1869. Lamulo lija linafafanizidwa m'chaka cha 1887, ndipo mu 1926 khoti lalikulu la dzikolo linanena kuti linali losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Pamenepa otsutsa aja anaoneka olondola. Koma olemba mbiri ambiri amamuika Johnson pakati pa atsogoleri olephera kwambiri a Amereka, chifukwa anataya anthu omasulidwawo pa nthawi imene anafunikira mtetezi.

Maseneta anateteza mpando, osati munthu wokhalapo. Anagamula kuti mankhwala a ulamuliro woipa ndi chisankho, ndipo kuchotsa Pulezidenti kusungidwire mlandu wooneka poyera. Mtengo wa kudikirako analipira ndi anthu amene sanafunsidwe maganizo awo.