Mbiri Yoteteza Mitsinje ya ku Misuku

Mitsinje yambiri ya ku Misuku, m'boma la Chitipa, imayambira m'nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa. Kulima m'malo otsetsereka kunachititsa kuti madzi a mvula azikokolola nthaka n'kuithira m'mitsinjemo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, boma la atsamunda linayambitsa ndondomeko yopingasa mizere ndi kuletsa kulima m'mphepete mwa mitsinje. Mu 1948 nkhalango zitatuzi zinakhala zotetezedwa ndi lamulo. Ulimi wa khofi utakula, alimi anazolowera kudzala mitengo ya mthunzi ndi nthochi, zomwe zimagwira nthaka. Mu 2017 Malawi ndi Tanzania anasainirana pangano losamalira limodzi chigwa cha mtsinje wa Songwe, womwe umalandira ena mwa madzi ochokera m'mapiri a Misuku.