Ndani amatchula chinsinsi cha mwini? Mbiri ya mawu otsegulira khomo ku Njewa

Makampani a mafoni ndi mabanki amabwereza uthenga umodzi pawailesi: nambala yanu yachinsinsi musauze munthu aliyense. Malangizowa ndi abwino, koma amayankhula ngati chinsinsi chimakhala m'mutu mwa mwiniwake yekha mpaka kufa. Mbiri ya kumadzulo kwa Lilongwe, kuyambira Mpingu ndi Namitete mpaka Nsaru ndi Kabudula, ikusonyeza zina. Kwa zaka zoposa zana, chomwe chimatsimikiza kuti munthu ndi yemweyo chakhala chikudutsa m'manja mwa wina womusungira, womuwerengera kapena womulembera. Ndipo zikasokonekera, kawirikawiri sizisokonekera posunga; zimasokonekera popereka, pa kamphindi kamene chinsinsi chikuchoka pomwe chimakhala kupita pomwe chikufunika.

Mawu otsegulira khomo sanabwere ndi kompyuta kuno. Ku dambwe, mwamuna amene anagula njira ankadziwika ndi mayankho ake. Wachilendo wonena kuti analowa gule ankafunsidwa mafunso omwe wosalowa sakanayankha, ndipo wonamizira ankagwidwa pomwepo. Sikoyenera kulemba mawuwo pano, ndipo nkhaniyi siikuwafuna. Chofunika ndi mmene ankasungidwira. Sankalembedwa paliponse. Ankaphunzitsidwa kutali ndi mudzi, pamalo oletsedwa kwa ena, ndipo wowatchula pagulu ankalangidwa koopsa. Akuluakulu a gule anazindikira kuti mawu sabedwa ali m'mtima, amabedwa akamatchulidwa, choncho anatchinga malo ndi nthawi yowatchulira. M'zaka za m'ma 1920, pamene mamishoni a Chikatolika ankalimbana ndi Nyau m'chigawo chapakati, nkhani imene Ian Linden anaifotokoza m'buku lake la 1974, china chomwe chinkapweteka eni gule chinali chakuti otembenuka ena ankaulula poyera zobisika. Gule Wamkulu anapirira zonsezo mpaka UNESCO inamulemekeza mu 2005.

Wina anganene kuti chinsinsi cha ku dambwe n'chosiyana ndi nambala ya pafoni, popeza chija chinali cha gulu pomwe ichi ndi cha munthu mmodzi. N'zoona, ndipo kusiyanaku ndiko kunabala vuto. Mawu a gulu amakumbukika chifukwa ambiri akuwadziwa. Woiwala amakumbutsidwa ndi anzake. Chizindikiro cha munthu mmodzi chinabwera ndi fodya ndi mapepala a atsamunda. A. F. Barron ndi R. W. Wallace atakhazikika ku Mbabzi cha m'ma 1920 n'kufalitsa fodya wochiza ndi utsi m'midzi yozungulira, alimi anachuluka mofulumira moti mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board, bungwe lomwe linkalemba alimi m'kaundula ndi kuyang'anira misika. Mlimi anakhala dzina ndi nambala m'buku lomwe iye sankatha kuliwerenga. Anyamata opita ku migodi ya ku Joni kudzera mwa WENELA ankadinda chala pa mgwirizano wolembedwa m'chinenero cha eni migodi, ndipo mbali ya malipiro awo inkawadikira kumudzi. Kalata yonena za ndalamazo ikafika, mayi wa pakhomo ankapita nayo kwa aphunzitsi kapena akatekisiti kuti amuwerengere. Owerengawo ambiri anali okhulupirika, koma ngakhale wokhulupirika amawerenga mokweza, ndipo khonde la aphunzitsi silisowa anthu. Pofika madzulo mudzi wonse unkadziwa kuti kwa auje kwabwera ndalama.

Nthawi ya chipani chimodzi inabweretsa chiphaso chosafuna kukumbukira kalikonse. Khadi la MCP linkafunsidwa polowa mumsika kapena pokwera basi, ndipo a Yufi pakhomo ankayang'ana pepala kuposa nkhope. Linatha mphamvu pambuyo pa riferendamu ya pa 14 June 1993. Makuponi a feteleza wotsika mtengo, omwe anayamba mu 2005, anali ndi chilema chomwecho: wagwira kuponi ndiye mwini, n'chifukwa chake mavenda ankawagula. Boma linayembekeza kuti chiphaso cha unzika, chomwe anthu oposa 9 miliyoni analembetsa mu 2017, chithetsa zimenezi, koma pulogalamu yatsopano ya feteleza wotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020 kunamvekanso nkhani za ziphaso zosonkhanitsidwa kwa alimi n'kukagulira ena.

Airtel Money itayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba chaka chotsatira, chinsinsi chinabwerera m'mutu, koma tsopano chili cha munthu payekha, manambala anayi opanda nyimbo kapena mwambi wowakumbutsa. Zimene zimachitika pa kauntala ya ejenti tsiku la msika aliyense akuzidziwa. Agogo amasula foni pa nsonga ya chitenje, aipereka kwa mdzukulu kapena kwa ejenti yemweyo, kenaka atchula manambala mokweza chifukwa makutu sakumva bwino, anthu asanu ali pamzere kumbuyo kwawo. Ena analemba nambalayo pa kapepala n'kukabisa kuseri kwa batire, kotero wakuba foni waba ndi kiyi yomwe. Ambiri amasankha chaka chawo chobadwa, chomwe chalembedwa pa chiphaso chomwe ejenti wangochiona kumene. Kunena kuti anthuwa ndi osasamala n'kulakwitsa. Akuchita zomwe makolo awo ankachita ndi kalata ya ku Joni: kudalira wodziwa kuwerenga. Akuba oimba foni n'kumanamizira kuti ndi a kampani nawonso sathyola chitseko chilichonse. Amangonyengerera mwini ndalama kuti atchule yekha nambala kwa munthu wolakwika.

Anthu a makompyuta anakumana ndi vuto lomweli, ndipo kuyankha kwawo kukuthandiza kuona lathu. Mawu achinsinsi olowera pa kompyuta anayamba kugwiritsidwa ntchito ku MIT, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 pansi pa Fernando Corbató, ndipo mu 1962 wophunzira wina, Allan Scherr, anasindikiza ndandanda yonse ya mawuwo pofuna nthawi yochulukirapo pa makinawo. Intaneti itafalikira, munthu mmodzi anayamba kukhala ndi makomo makumi angapo, lililonse lofuna mawu akeake aatali. Mutu sungasunge zonsezo, choncho kunabwera mapulogalamu osungira mawu achinsinsi: Password Safe ya Bruce Schneier mu 1997, KeePass ya Dominik Reichl mu 2003, ndi ina yaing'ono yotchedwa pass ya Jason Donenfeld mu 2012. Onsewa amatsekera mawu m'mafaelo obisika omwe amatseguka ndi kiyi imodzi. Kusunga kunali kosavuta. Nzeru zambiri zinathera pa kupereka. Njira yoyamba ndi kukopera mawuwo kuti mwini awamate pamalo olowera; koma chokoperedwa chimakhala pamalo pomwe mapulogalamu ena pa kompyutayo angachiwerenge, n'chifukwa chake pass imachifufuta pakatha masekondi 45. Njira yachiwiri ndi yakuti kapulogalamu kalembe kokha. Munthu adina mabatani awiri kapena atatu, pamatuluka ndandanda ya mayina a makomo ake, asankha limodzi, ndipo kapulogalamuko kamatumiza zilembo chimodzichimodzi ngati zala zikudina kiyibodi. Pa Linux, kapulogalamu kotchedwa passmenu kamachita izi mothandizidwa ndi kena kotchedwa xdotool. Mwini saona mawuwo, sawatchula, mwinanso sawadziwa n'komwe, ndipo woima kumbuyo kwake saona zala zikuyenda. Ndi wowerenga kalata wakale uja, koma wosawerenga mokweza.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zolemera. Yoyamba ndi yakuti kusonkhanitsa makiyi onse malo amodzi n'kuitana wakuba. Mu 2022 akuba anakopera mafaelo a makasitomala a LastPass, kampani yosungira anthu mawu achinsinsi pa intaneti. Koma mawu achinsinsi a m'mafaelowo anali otsekedwa, ndipo amene anali pangozi yaikulu ndi omwe kiyi yawo yaikulu inali yaifupi ndi yosavuta kuilota. Komanso munthu wokana kusunga sakhala ndi mutu wokumbukira mawu makumi atatu. Amakhala ndi mawu amodzi ogwiritsa ntchito paliponse, kapena kapepala komata pansi pa kiyibodi, monga zimaonekera m'maofesi ambiri. Chilema chenicheni cha kulemba kokha chili pomwe mbiri yathu ikuloza: kapulogalamuko sikaona komwe kakulemba. Ngati zenera lotseguka ndi la WhatsApp osati la banki, kamathira chinsinsi chonse m'macheza. N'chifukwa chake KeePass imayang'ana dzina la zenera isanalembe, funso lomwe a ku dambwe ankayamba nalo: wofunsayu ndani, ndipo tili pati?

Mfundo yachiwiri ndi yakuti zonsezi n'za anthu a m'tauni, ndipo mlimi wa ku Nambuma wa foni ya mabatani sizimukhudza. Pa chipangizo n'zoona. Kompyuta m'midzi imeneyi ndi zochepa, ndipo palibe kapulogalamu kotere pa foni yoimbira *211#. Koma alembi a m'zipatala, a m'makopaletivi ndi ofufuza a ku Chitedze amagwira kale ntchito pa makompyuta okhala ndi mayina ndi ndalama za alimi omwewo, ndipo mawu awo olowera akatayika, wovutika ndi mlimi. Kupitirira apo, opanga mapulogalamu aja anavomereza chinthu chomwe ntchito zathu za ndalama za pafoni zimachedwa kuvomereza: munthu adzafuna womuthandiza, ndipo nzeru ili pa kukonza thandizolo. Kauntala ya ejenti yokhala ndi kotchinga, lamulo loti kasitomala adine yekha manambala foni ili m'manja mwake, njira yovomerezeka yoti agogo alembetse mdzukulu mmodzi ngati wowathandiza wokhala ndi nambala yakeyake ndi malire a ndalama zomwe angatape patsiku: izi sizifuna kompyuta, ndipo zingayambe pa msika wa Nsaru.