Makolo, Achinyamata, Mowa ndi Mankhwala Osokoneza Bongo

Makolo ambiri amaganiza kuti mwana akafika zaka 13 kapena 14 amangomvera anzake basi. Anzake ali nayo mphamvu ndithu, koma zimene mwana amaona ndi kumva pakhomo zimathandiza kwambiri kuti ayambe kumwa mowa ndi kusuta chamba, kapena kuti apewe. Tikanena makolo pano tikuphatikiza agogo, amalume, azakhali ndi aliyense amene akulera mwana.

Chifukwa chake msinkhu uli wofunika

Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25. Mbali imene imakhwima pomalizira ndi yakutsogolo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganiza asanachite chinthu. Mwana amene wayamba kumwa asanakwanitse zaka 15 amakhala pachiopsezo chachikulu chodzakhala chidakwa kuposa amene wayamba atakula. Choncho chaka chilichonse chimene mwana wachedwa kuyamba n'chopindulitsa. M'mera mpoyamba.

Zimene zimakankhira mwana ku mowa

Kumwa pamaso pa ana nthawi iliyonse imene mwakhumudwa kapena mwatopa. Mwana amaphunzira kuti mowa ndiwo mankhwala a nkhawa.

Kutuma mwana kukagula mowa, kapena kumusiya kuti azigulitsa kachasu pakhomo. Ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa lamulo sililola kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18.

Kulawitsa mwana mowa poganiza kuti aphunzira kumwa mwaulemu. Kulawa sikuteteza, mwana amangoona kuti mwamuloleza.

Ndewu, nkhanza ndi kusalabadira ana. Mwana amene pakhomo sapezapo mtendere amakaufuna kwina.

Vuto la mowa limathanso kuyenda m'mtundu. Ngati pabanja panu alipo amene anavutikapo nalo, muuzeni mwana mosabisa kuti ayenera kusamala kuposa anzake.

Zimene zimateteza

Ana amatetezedwa kwambiri pakhomo pamene pali chikondi komanso malamulo omveka. Chikondi chopanda malamulo chimalekerera mwana, ndipo malamulo opanda chikondi amamuphunzitsa kubisa.

Yambani kukambirana naye asanafike ku sekondale, ndipo muzibwereza nkhaniyi kawirikawiri. Muuzeni momveka kuti simukulola mowa, fodya kapena chamba, ndipo fotokozani chifukwa chake. Dziwani kumene ali, anthu amene ali nawo ndi nthawi imene abwere. Adziweni anzake ndi makolo awo. Funsani mmene wagwiritsira ntchito ndalama zimene mwamupatsa. Mowa ndi mankhwala a kuchipatala, makamaka a chifuwa okhala ndi codeine, muzisunga pamalo pamene ana sangafike.

Dziko la Zambia linaletsa mowa wa m'timapaketi wotchedwa tujilijili mu 2012, ndipo Malawi analetsanso mowa wa m'masacheti. Komabe mowa waukali wotchipa ukupezekabe m'misika. Lamulo la Malawi la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale chokha, kusuta n'koletsedwabe.

Zizindikiro zofunika kuziona

Kulephera kapena kujomba kusukulu, kusintha anzake mwadzidzidzi, maso ofiira, fungo la mowa kapena utsi, kusowa kwa ndalama ndi katundu m'nyumba, kupsa mtima msanga, ndi kusintha kwa kagonedwe ndi kadyedwe. Chizindikiro chimodzi si umboni, koma zikachuluka chitanipo kanthu.

Mukazindikira kuti wayamba

Musakambe naye ataledzera, ndipo musamumenye. Dikirani mutu wake ukhazikike, kenaka mufunseni modekha ndi kumumvetsera. Nthawi zina mowa umabisa matenda a nkhawa kapena nkhanza zimene wina akumuchitira.

Pitani naye kuchipatala chapafupi. Achipatala angakutumizeni kwa akatswiri, monga a ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, Zomba Mental Hospital, kapena Chainama Hills ku Lusaka. Nambala yaulere yothandiza ana, 116, imagwira ntchito ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa.

Mwana akakomoka ndi mowa, mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, musamusiye yekha, ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Ngati inuyo mowa ukukuvutani, funani thandizo. Amene amamwa kwambiri tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi popanda uphungu wa achipatala, chifukwa akhoza kunjenjemera kapena kugwa ngati wakhunyu. Mwana akaona kholo lake likufuna thandizo, amaphunzira kuti kutero si chinthu chochititsa manyazi.