Ndalama za Makampani a Ulimi M'zipani za Ndale

Chipani cha ndale m'Malawi chimapeza ndalama m'njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi thandizo la boma, lomwe gawo 40 la malamulo oyendetsera dziko limati lizipita ku chipani chilichonse chopeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Yachiwiri ndi zopereka za anthu ndi makampani, ndipo apa ndi pomwe ulimi umalowera, pakuti chuma chambiri m'dziko muno chili mu fodya, shuga, tiyi ndi feteleza.

Lamulo la zipani lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala 2018 silikaniza kampani kuthandiza chipani. Limangofuna kuti thandizolo lidziwike. Chopereka si ndalama zokha ayi: mafuta a galimoto, lole yonyamula anthu kupita ku msonkhano, ngakhale mipukutu ya nsalu za chipani, zonsezi zimawerengedwa pa mtengo wake. Kuulula ndiko kudziwitsa mlembi wa zipani, pasanathe masiku 90, za chopereka chilichonse chofika K1 miliyoni kuchokera kwa munthu kapena K2 miliyoni kuchokera ku kampani. Komatu malirewa ali ndi mpata wake, chifukwa wofuna kubisala atha kugawa ndalamazo pang'onopang'ono, kapena kupereka m'dzina la bwana m'malo mwa kampani. Ofesi ya mlembiyo idakhalanso zaka zingapo yopanda mwini wake mpaka 2024, pomwe a Kizito Tenthani adasankhidwa.

Kufunika kwa kuulula kumaoneka bwino m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota. Ku Dwangwa kuli minda ya nzimbe ndi fakitale ya kampani ya Illovo, yomwe idagula malonda a shuga a Lonrho mu 1997, komanso fakitale ya Ethanol Company ya Press Corporation. Pafupi pomwepo pali alimi ang'onoang'ono a nzimbe, ndipo ku Bua kuli alimi a mpunga. Zambiri zokhudza moyo wawo zimagamulidwa ndi boma: lizi ya malo, chilolezo chopatutsa madzi mumtsinje, chilolezo cholowetsa shuga wakunja, kontrakiti yobweretsa feteleza wotsika mtengo. Mlimi amene wadula nzimbe, nkudikira lole kuti ikayezetse kulemera kwake ku fakitale, alibe mwayi wokhala pa tebulo limodzi ndi nduna. Chomwe angadalire nkudziwa ngati wopindula ndi chigamulo cha boma adathandizapo chipani cholamula. Popanda kaundula wa zopereka, ngakhale kampani yosalakwa imakayikiridwa.

Mbiri ya dziko lino ikusonyeza kuti nkhawayi si yachabe. M'nthawi ya chipani chimodzi, makampani a Press, omwe anali ndi maesiteti akuluakulu a fodya ku Kasungu, anali m'manja mwa Kamuzu Banda, ndipo padafunika lamulo la 1995 kuti chumacho chisiyane ndi ndale. Mu 2018 lipoti la bungwe lothana ndi katangale la ACB lidaonetsa kuti K145 miliyoni yochokera ku Pioneer Investments, kampani yogulitsa chakudya ku polisi, idalowa mu akaunti ya chipani cha DPP. Chipanicho chidati chinali chopereka, kenako chidalonjeza kubweza.

Pamenepa ndi pomwe chopereka chimasiyana ndi chiphuphu. Chiphuphu chimakhala ndi chobwezera chomwe awiriwo agwirizana, monga kontrakiti kapena chilolezo, ndipo ndi mlandu ngakhale chitalembedwa m'kaundula. Mgwirizano wotere sulembedwa papepala, choncho wofufuza amayerekeza tsiku lomwe ndalama zidalowa ndi tsiku lomwe kontrakiti idatuluka.

Lamulo la zipani lija limaletsanso kugawa ndalama kapena katundu kwa ovota pofuna kuwakopa. Thumba la feteleza loperekedwa pa kampeni limakhudza mbali zonse ziwiri za lamuloli: wogawayo walakwa, ndipo chipani chiyenera kunena yemwe adagula matumbawo ngati mtengo wake udafika pa malire a kuulula.